Tsiku limene Sesiliya anapukuta thukuta la a Kingi

Tiyanjane, tabwera kuno. Tula ndowayo pamenepo, madzi sathawa. Nyimbo imene umaimba pokwera kuchokera kunyanja ija unaiphunzira kwa ndani? Usandiyang'ane ngati mbuzi yogwidwa m'munda wa chinangwa, ndakumva ndi makutu angawa. Maso ndiwo anatha, makutu akadalipo. Itana Yohane ndi tiana ta amalume akoto, mukhale apa pamthunzi wa mango. Lero mundimva, chifukwa nyimbo imeneyi yanditopetsa kuyambira iwe uli kumbuyo.

Inu ana a masiku ano malipenga mumaonera chapatali, maso ali pa foni ya mwini wake. Mumangoona amuna atavala zoyera, akuponda mwaulemu ngati akuopa kudzutsa nyerere, basi n'kumati gule wa amuna. Kale gulu lililonse la malipenga tinkalitcha boma, ndipo boma la kuno ku Khuyu linkaopedwa chilumba chonse. Mkulu wa boma ankatchedwa Kingi. Kingi wake anali agogo anu aamuna, a Banaba, amuna anga. Inde, omwe aja ali pachithunzi m'nyumbamo atanyamula ndodo, atavala magalasi. Magalasi amenewo analibe galasi, munali mawaya okhaokha, koma munthu sakanayerekeza kuwauza.

Gule wa amuna, eti. Nanga zoyerazo ankaziyeretsa ndani? Ndinkachapa makabudula ndi malaya pamwala, n'kuviika m'madzi a buluu, kenako m'madzi a chinangwa ophika kuti nsalu iume gwa. Kusita kwake kunali kwa simbi ya makala, yolemera ngati mwana. Inu mwazolowera kudikira kuti magetsi ayake liti. Ife tinkauzira makala mpaka mutu kuzungulira, ndipo kaphulusa kakagwera pa kolala umayambiranso kumwala. Makala akewo kuno kulibe, mukudziwa, ankabwera pazombo za matanga kuchokera tsidya la ku Mozambiki, ndipo wokawasenza kugombe anali mkazi. Zipanda zimene amuna amauzira zija tinkabzala ndife kuseri kwa nyumba. Ngakhale kansalu koyera kamene kangaude amamata pakhoma, kamene amatsekera pabowo kuti chipanda chizilira bwino, tinkafunafuna ndife m'makona ndi nyali ya koloboyi. Thobwa la alendo tinkafulula ndife. Tsiku la gule likafika ife tinkaima kunja kwa bwalo, padzuwa.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene chinkatilowetsa m'bwalo, ndipo muchimvetse bwino chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Wovina malipenga sadzipukuta thukuta. Dzanja lina lagwira chipanda, lina likuyenda ndi ng'oma, ndiponso kudzipukuta wekha ndi manyazi, kumasonyeza kuti kwanu ulibe wokuwerengera. Mkazi wako, mlongo wako kapena mwana wako ndiye amalowa ndi mpango woyera, n'kukupukuta kumaso gule ali mkati, anthu n'kululutira. Wovina bwino ankapukutidwa kawirikawiri. Ine ndinayamba ndili kamtsikana, kupukuta achimwene anga nditaima ndi zala za kumapazi, ndipo ndinkadziona ngati ndine munthu wamkulu.

Achimwene angawo ndiwo anapitiriza sukulu ya mishoni. Ine makolo ananditulutsa nditangodziwa kulemba dzina langa, akuti ndikalere ang'ono anga, mtsikana akadziwa kuwerenga nyimbo za m'tchalitchi zakwana. Nditakwatiwa, a Banaba anapita ku Halale kukagwira ntchito, anakhalako mpaka ana anaiwala nkhope yawo. Chinangwa ndinkalima ndekha pakati pa miyala iyi. Denga litadontha ndinakwera ndekha kukafolera, amuna odutsa m'njira n'kumati mkazi sakwera padenga, koma wopereka dzanja panalibe. Atabwerako ndi sutikesi ndi wailesi, anthu ankati, onani nyumba ya a Banaba mmene aisamalira.

Tsono mverani nyimbo zimene boma linkaimba nthawi zonsezo. Mwamuna wa m'nyimbo amakhala msilikali, kapena wapaulendo wolimba mtima, kapena wosauka wachisoni amene dziko lamulakwira. Mkazi wa m'nyimbo ndi waulesi. Akapanda kukhala waulesi ndi wamiseche, akapanda miseche wadya ndiwo za mwamuna wake mumphika. Mkazi wofolera denga sindinamumvepo m'nyimbo ngakhale imodzi. Ndi chimodzimodzi kabuku kakusukulu kaja unkandiwerengera uli wamng'ono, Yohane. Amayi akusesa, abambo akuwerenga nyuzi. Titsegule tsamba lina, amayi akuphika, abambo akadali pa nyuzi yomwe ija. Kuno ku Khuyu nyuzi imafika itakulunga sopo, kaya abambo amenewo anali a kuti.

Ndasochera. Ndimati ndinene za Sesiliya, amayi ako iwe Tiyanjane ndi Yohane, azakhali anu inu tinatu.

Sesiliya anakwatiwa ku Mbungo ndi mnyamata wooneka bwino, wodziwa kuyankhula. Zipani zambiri zitangoyamba kumene, anyamata anayamba kukhamukira ku Joni, nayenso anapita. Chaka choyamba anatumiza bulangete. Chaka chachiwiri kunabwera moni wapakamwa. Kenako zii. Sesiliya anabwerera kuno akukukoka iwe Yohane padzanja, Tiyanjane ali kumbuyo, katundu yense ali m'beseni limodzi. Sanakhale pansi kudikira. Anayamba kupita kugombe m'mamawa kukagula usipa kwa asodzi, kuyanika pathandala, kulonga m'matumba. Tsiku la sitima ankasenza matumbawo wapansi mpaka kudoko la kumunsi kwa Chipyela, n'kulowa m'madzi ofika m'chiuno kuti akwere boti lopita kusitima. Usiku ankagona pamwamba pa matumba ake kuti asamubere. Akagulitsa kumtunda kumene sitima imapita ankabwera ndi ufa wa chimanga, sopo, mchere, nthawi zina shuga. Ulendo wina anakugulira nsapato iwe Yohane, unagona nazo kumapazi, n'kudzigulira yekha tinsapato tapulasitiki chifukwa pansi pa sitima pamatentha. Masiku amenewo kuno ku Khuyu mkazi wokwera sitima yekha ndi matumba a usipa anali mmodzi, Sesiliya basi.

Agogo anu ankamwa tiyi wa shuga wa Sesiliya m'mawa, masana n'kukakhala pansi pa mlambe uja kupeka nyimbo za boma. Luso anali nalo, zimenezo sindingawamane. Nyimbo yawo inkakakamira m'mutu ngati chisoso pachitenje. Chaka china anapeka imene umaimba ija, Tiyanjane. Ndiinena mawu ake kamodzi kokha, kuti mumve chimene chimatuluka m'kamwa mwanu.

Mkazi wa pasitima, ee,
wasenza usipa, wasiya ana,
pobwera wavala nsapato,
wagula ndani? Kafunseni oyendetsa.

Ndinaimva koyamba ndikusita, boma likuyeserera kuseri kwa mlambe. Simbi ndinaiiwala pansalu mpaka kununkha. A Banaba atabwera ndinawafunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Anadabwa zenizeni, ndipo kudabwa kwawoko ndi kumene kumandipsetsa mtima mpaka lero.

"Amake Sesiliya, ndi nyimbo chabe," anatero. "Ndatchula dzina la munthu ine? Mkazi ameneyu ndi wa m'nyimbo. Nyimbo yopanda mkazi wopusa anthu saseka."

Ndinawauza kuti andiwerengere akazi a ku Khuyu amene amakwera sitima ndi usipa. Anayamba kukanda m'mutu, n'kunena kuti iwo ankaganiza za akazi a kumtunda, ndipo aliyense wanzeru adziwa kuti Kingi sangaimbe mwana wake. Anati nyimbo zoterezi anazipeza, makolo awo ankaimba za mkazi wa mtchona, palibe anafa nazo. Ndinati nanga munawafunsa akazi a matchonawo? Anati ndimakonda mikangano, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha.

Sipanapite nthawi nyimbo inatuluka m'boma n'kulowa m'mudzi. Ana ankaimba pothyola mango aawisi. Anyamata onyamula katundu kudoko ankaiyamba chapansipansi Sesiliya akangolowa m'madzi ndi thumba pamutu, wina n'kumaloza kumapazi kwake. Kutchalitchi, kumbali yathu ya akazi, mpando umene iye wakhala unkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Choipa kwambiri chinachitika kugombe. Akazi a asodzi anayamba kuletsa amuna awo kumugulitsa usipa. Mnzanga weniweni Lusiya, amene tinkavina naye chioda tili atsikana, anamuuza mwamuna wake kuti akadzangomuona akuyankhula ndi Sesiliya adzakagona m'bwato. Ndinapita kukamufunsa. Anandiyankha akuyang'ana kumbali, akuti iye sakunena kuti n'zoona, koma ngati bambo ake omubereka aimba, iye ndani kuti atsutse.

Sesiliya ankapita kugombe ndi beseni n'kubwera nalo lopanda kanthu. Kenako analeka kupitako. Sitima inkalira kudoko iye ali m'nyumba, atatseka chitseko. Inabwera, inapita, inabweranso. Thandala linayamba kugwa. Tinsapato tija anatiponya padenga. M'nyumbamo munatha sopo, munatha mchere, tinabwerera ku chigwada chopanda kanthu, ndipo iwe Tiyanjane unayamba kutupa masaya, tsitsi kufiira. Ndinkachita mantha, ana inu. Ndinali nditaikapo kale mwana mmodzi wa matenda amenewo, ndinkawadziwa.

Agogo anu tiyi wopanda shuga anamuzindikira msanga. Chifukwa chake ndiye sankachiona. Ankati Sesiliya wangochita ulesi, anthu amayankhula n'kutopa, adzuke azipita. Ndikati chotsani nyimboyo, ankati sizingatheke, mpikisano wayandikira, kukubwera maboma a ku Mbungo ndi a tsidya, ndipo nyimbo imene anyamata aigwira bwino ndi yomweyo. Kingi kuchotsa nyimbo chifukwa mkazi wake wanena, boma lingamuone bwanji? Munthu wamkulu, wa imvi, woimba kwaya Lamulungu lililonse, kuopa kusekedwa ndi anyamata kuposa kuopa masaya a mdzukulu wake.

Zovala ndinachapa, ndinasita, chifukwa zinali zitandizolowera m'manja ndipo sindinkafuna kuti anene kuti ndawachititsa manyazi ndi litsiro. Koma powapatsa ndinawauza kuti, "A Banaba, mukaimba nyimbo ija, ine m'bwalo simundiona. Thukuta lanu mudziwa nokha." Anaseka. Anati ndikadzamva ng'oma miyendo idzandinyamula yokha, monga zaka zonse.

Mpikisano unachitikira pabwalo la ku Chipyela, mwezi wotentha uja mango asanapse, pamene mwala umawotcha ngakhale chidendene cha msodzi. Anthu anadzaza, ena m'mitengo. Sesiliya anati sapita. Ndinamusiya atakhala pakhomo akusoka thumba lakale la usipa, kaya ankalisokeranji poti linalibe ntchito. Ine ndinapita, mpango wanga woyera ndinausiya dala m'sutikesi.

Maboma a alendo anavina, akazi awo akulowa ndi kutuluka ndi mipango. Kenako linalowa la Khuyu. Ndisaname, ankaoneka bwino. Mizere yowongoka, masokosi ofika m'mawondo, agogo anu patsogolo ndi ndodo yawo, akuponda ngati bwalo anagula. Nyimbo yoyamba inadutsa, yachiwiri inadutsa. Akazi ena analowa kupukuta amuna awo. Ine ndinaima pomwepo manja ali kumbuyo. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ananso. Thukuta linali litayamba kutsikira m'mawaya a magalasi aja.

Atakweza ndodo, ng'oma inasintha, ndipo anaiyamba. Mkazi wa pasitima. Bwalo lonse linalandira, chifukwa panalibe amene sankaidziwa. Anthu ankaseka, ena akutembenuka kundiyang'ana ine. Ndinkafuna nthaka itang'ambika. Agogo anu ankavina maso atatsinzina ndi mchere wa thukuta, kolala yonse itanyowa, akuphethira ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Kingi wa boma, ndipo panalibe mkazi mmodzi womulowera. Anthu anayamba kuzindikira, kunong'onezana kunayamba.

Ndiye ndinaona anthu akupatuka kumbali ya kumsika. Anali Sesiliya. Anayenda wapansi kuchokera kuno, iwe Tiyanjane uli kumbuyo. Kumapazi anali atavala tinsapato tija, anatitsitsa padenga. M'manja analibe mpango woyera. Ananyamula thumba lija ankasoka, lonunkha usipa, mamba akadali mbuu. Analowa m'bwalo osathamanga, anadutsa pakati pa mizere, zipanda zikumulirira m'makutu nyimbo yake yomwe, mpaka anakaima pamaso pa bambo ake. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu wake. Anawavula magalasi aja, n'kuyamba kuwapukuta ndi thumbalo, pamphumi, m'masaya, m'khosi, pang'onopang'ono, monga mmene umapukutira mwana wodwala.

Palibe analulutira. Zipanda zinayamba kuzima chimodzichimodzi, wang'oma yaikulu anamenya kangapo yekha n'kuleka. M'bwalo monse munangomveka iwe ukulira kumbuyo. Sesiliya anawabwezera magalasi awo bwinobwino, n'kunena ndi mawu wamba, koma tonse tinamva.

"Adada, ndabwera, mkazi wa pasitima uja. Pitirizani, anthu akudikira."

Agogo anu anaima ndodo ili m'mwamba, mamba a usipa atawamatirira pamphumi ndi pakolala imene ndinasita ine. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana masaya ako. Anatsitsa ndodo, n'kutuluka m'bwalo gule asanathe, chinthu chimene Kingi sanachitepo chiyambire. Boma la Khuyu linaluza chaka chimenecho, ndipo anyamata anandikwiyira ine, akuti akazi a pakhomo pa Kingi aononga gule. Onani, ngakhale pamenepo olakwa tinali ife.

Kunyumba sanapepese. Amuna a msinkhu wawo mawu amenewo ankawalemera kuposa mwala wa mphero. Anakhala masiku angapo osapita kumlambe. Kenako m'mawa wina ndinawaona akutenga beseni la Sesiliya, beseni la mkazi, n'kutsikira nalo kugombe. Anakaima pa bwato la mwamuna wa Lusiya n'kunena kuti akufuna usipa wa mwana wawo, ndipo amene ali ndi mawu awanene kwa iwo. Lusiya yemweyo ndiye anawathandiza kusenza. Madzulo ake Lusiya anabwera kuno ndi nsomba ziwiri, sananene kanthu za nyimbo, nanenso sindinanene, tinangokamba za mphepo ya mwera.

Thandala agogo anu analimanganso okha. Tsiku la sitima anasenza thumba limodzi paphewa mpaka kudoko, analowa nalo m'madzi, anyamata onyamula katundu ali chete ngati ali m'kalasi. Sesiliya anakwera. Patapita milungu masaya ako anaphwa, Tiyanjane, tsitsi linada. Lero akazi okwera sitima ndi usipa ndi ambiri moti amakanganirana malo, mwana wa Lusiya ali m'gulu lomwelo, ndipo palibe amawafunsa za nsapato.

Koma musaganize kuti nkhani inathera pabwino, chifukwa apa ndi pamene pamandiwawa. Agogo anu analetsa nyimbo ija m'boma. Anapeka ina, yotamanda mkazi amene amadyetsa mudzi ndi thumba la pamutu. Anaivutikira, usiku ankang'ung'udza, anandiimbira ine ndisanadzuke n'komwe. Boma linaiimba chaka chimodzi, anthu anaombera m'manja mwaulemu, basi. Akuti sinkaseketsa. Lero mukafunsa aliyense pa Khuyu pano palibe angakuimbireni mzere umodzi. Koma ya nsapato ija ili moyo. Ankati akamva mwana akuiimba m'njira ankamuthamangitsa ndi ndodo ya Ukingi ija, nkhalamba ikupunthwa m'miyala, ana n'kumaona ngati masewera, n'kumaimbira dala. Mpaka kudwala kwawo komaliza, tsiku lina ana akudutsa kuseri kwa nyumba akuiimba, anatembenukira kukhoma n'kundiuza kuti nditseke zenera.

Mwini wake anagona kumanda uko, nyimbo yake ikutunga madzi ndi mdzukulu wake. Ndiye ndikamakalipa mumati agogo akalamba, amangolongolola. Iwe Yohane ukuseka chiyani? Ndamva kuti walowa boma, ndipo akuti uli ndi mutu wopeka ngati agogo ako. Peka, sindikukuletsa. Koma ukafuna mkazi woti anthu aseke, uyambe wayang'ana amene wakuchapira zoyerazo, chifukwa anthu akamva nyimbo amafunafuna nkhope yoti aiveke, ndipo amaipeza pafupi.

Tiyanjane, pukuta m'maso, sindinakuitanire kuti ulire. Sunkadziwa, tsopano wadziwa. Unalipo tsiku limenelo, unali kumbuyo kwa mkazi wa pasitimayo, ndipo nsapato wavalazo wagula ndi yemweyo. Sitima ikufika mawa. Upite kudoko, ulowe m'madzi, ukawalandire amayi ako thumba. Ukawayang'ane kumaso, ndipo ngati nyimboyo ikadali pakamwa pako, ukawaimbire pomwepo.

Tenga ndowa yako, madzi aja atentha ndi dzuwa.